Pini ya pa mikanda ya Anabanda

Ntchito yanga yoyamba yeniyeni ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Kwathu ndi ku komboni ya famu ina kufupi ndi Banket, kuno ku Zimbabwe, kumene agogo anafikira atachoka ku Dedza kalekale, ndipo kuyambira ndili mwana anthu ankatopa nane chifukwa cha mafunso. Nditamaliza Fomu 4 ndinasankha fodya nyengo ziwiri, kenako ndinachita kosi yaifupi yothandiza anamwino ku Chinhoyi. Satifiketi inagona m'sutikesi chaka chathunthu. Tsiku lina pa maliro, tikutsuka mbale, ndinafunsa mnzanga kuti kodi ekisire imaona bwanji fupa pamene mnofu uli pomwepo. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene ankakolopa pa malo ojambulira odwala ku Harare, anatembenuka nati: "Iwe Esinati, mafunso akowa ukafunse eni ake. Kubasa kwathu akufuna mtsikana wothandiza."

Amene anandilandira anali a Tendai, mkulu wojambula, bambo wachishona wosakonda kuseka nthawi ya ntchito. Satifiketi yanga anangoiyang'ana pang'ono. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Sisi, muli ndi chitsulo m'thupi?" Ndinaseka, iwo osaseka. Ananditengera pa khomo la chipinda cha makina a MRI, pamene pali mzere wofiira pansi, natenga kawaya kopanira mapepala komangidwa ku ulusi wolimba. Atalowa nako pang'ono, kawayako kanadzuka kokha n'kuima m'malere, kakuloza pakamwa pa makinawo, ulusi uli njo. "Maginito awa sazima," anatero. "Magetsi athime, likhale Sabata, iwo ali maso. Basa lanu ndi kuonetsetsa kuti chitsulo sichidutsa mzere uwu." Ndinabwerera kunyumba ndili ndi mafunso ambiri kuposa amene ndinapita nawo, ndipo ntchito ndinaiyamba Lolemba lotsatira.

Ntchito yanga inali ya pakhomo. Wodwala akafika ndinkakhala naye pansi ndi fomu ya mafunso: kodi ali ndi batire ya mtima, zitsulo za opaleshoni, lupu, kachidutswa ka chitsulo kamene kanalowa m'diso? Kenako ndolo, mphete, mapini a m'tsitsi, bula ya waya, zonse m'kabati yokhoma, iye n'kuvala gauni. Pomaliza ndinkamudutsitsa kandodo kofufuzira zitsulo, kamene kamalira kakayandikira chitsulo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kutsogolo ndi kumbuyo. Akagona pa tebulo ndinkamuika koyilo pa malo ojambulidwawo. Koyilo ndi chipangizo chokhala ngati kabulangeti kolemera, ndipo ndi imene imamva zimene thupi likuyankha maginito akalifunsa. Ndinkamutseka m'makutu, chifukwa makinawo amalira ngati chigayo, n'kumugwiritsa kampira kofinya akafuna kutiitana.

Amayi ambiri amene ankabwera anali a khansa ya khomo la chiberekero. Poyamba ndinkaganiza kuti tikuwajambula kuti tione ngati matendawo alipo. A Tendai anandiwongola: matendawo amakhala atapezeka kale, madokotala atadula kanyama n'kukapima. Chithunzi chathu chimanena pamene afika, ndipo pamenepo ndi pamene pamachokera chithandizo. Mayi wotere amabwera asanadye kwa maola angapo, chikhodzodzo chisadzaze komanso chisakhale chopanda kanthu, ndipo namwino amamubaya jakisoni wogonetsa matumbo kuti asamayendeyende n'kusokoneza chithunzi. A Tendai ankayamba ndi zithunzi za cham'mbali, zoonetsa chiberekero chonse ndi khomo lake, kenako n'kupendeketsa mizere pa kompyuta kuti zithunzi zotsatira zidule khomolo mopingasa ndendende.

Ine ndinkaima kumbuyo kwawo khosi litatalika. "Owerenga zithunzi ndi adokotala, osati ine, osatinso inu," ankatero, koma kenako ankandilozera ndi kapensulo. Pa chithunzi chopingasa khomo la chiberekero limaoneka ngati nkhata yakuda, ndipo chotupa chimakhala chotuwa mkati mwake. Nkhata ikakhala yathunthu, chotupanso chili chaching'ono, nthawi zambiri mayi amatha kuchitidwa opaleshoni. Nkhata ikaduka, ndiye kuti matenda atulukira m'mbali, ndipo mpeni suthanso kuwazungulira onse. Pamafunika kuwotcha ndi cheza cha makina pamodzi ndi mankhwala a m'diripi. Ankayang'ananso anabere a m'chiuno ngati atupa, khoma la chikhodzodzo, thumbo lakumbuyo, ndi timachubu totsitsa mkodzo kuchokera ku impso. Zinkandidabwitsa kuti kamzere kakuda kochepa choncho n'kamene kamasankhira munthu njira.

Tsiku limene sindiliiwala linali m'mwezi wa Malichi, nyengo yowotcha fodya, nditagwira ntchito miyezi isanu. Pa benchi panakhala mayi wamkulu, wowonda, duku atalimanga molimba, akuyankha mlembi wa pakhomo ndi "hongu" ndi "kwete" basi, inde ndi ayi wa Chishona. Pa kalata yake ndinaona dzina la Banda ndi famu ina ya ku Darwendale. Ku ntchito ndinkalankhula Chishona ndi Chingerezi, Chichewa ndinkachisiya pa geti. Koma tsikulo chinangotuluka chokha.

"Muli bwanji, amayi?"

Anadzutsa mutu ngati ndawaitana ali kutali. "Maiwe! Iwe ndiwe wa kwathu? Mfunda wako ndani?"

"Ndine Naphiri, wa ku Banket."

"Amuna anga ndi a Phiri. Basi ndiwe mwana wanga iwe. Ine ndine Nabanda."

Kuyambira pamenepo Anabanda sanatsekenso pakamwa. Anabwera okha pa kombi, minibasi ya kuno, chifukwa amuna awo anali pa moto wa balani, ndipo moto wa fodya sausiya. Magazi anali atawavuta kwa nthawi yaitali. Tsiku lojambulidwa anali ataliphonya kawiri, koyamba chifukwa cha mvula, kachiwiri chifukwa cha mantha. "Lero ndi lero, mwanangu," anatero. "Andijambule, achotse chinthuchi, ndibwerere kubasa. Ndikapita kwathu osajambulidwa, sindibweranso." Pa kalata yawo panalembedwa kuti madokotala a khansa akumana m'mawa mwake kuti agwirizane za chithandizo chawo, ndipo akudikira zithunzi zathu. Buku la makina linali lodzaza kwa masabata angapo kutsogolo.

Tinadutsa mafunso onse a pa fomu, yankho lili ayi. Ndiye panatsala funso limene pa fomu panalibe, koma m'mutu mwanga linalimo. Mayi wachichewa wa msinkhu umenewo, wokulira ku komboni, sakhala wopanda mikanda m'chiuno. Ndinkadziwa bwino lomwe. Koma mikanda ya m'chiuno ndi ya mwini wake ndi mwamuna wake, ndipo mwana safunsa mayi ake zimenezo. Akanakhala mlendo wa chilankhulo china mwina ndikanafunsa. Awa anali atangonditchula mwana wawo. Ndinazungulira kutali: "Palibenso china chatsala, amayi?" Anayang'ana pansi nati palibe, ine n'kulandira yankholo ndi manja awiri.

Kandodo ndinakadutsitsa bwinobwino kumutu, m'mikono, pachifuwa. Nditafika m'chiuno dzanja langa linapatuka lokha, kandodo kanadutsa patali, ndinakabwezeretsa pafupi ndili m'mawondo. Kulozetsa ndodo pachinena pa mayi ako, ayi ndithu, thupi langa linakana. Mumtima ndinadzitonthoza kuti ngakhale mikanda ilipo, ndi galasi ndi ulusi basi. Inenso yanga ndinkalowa nayo m'chipindamo tsiku lililonse, makina osadandaula.

Namwino anawabaya jakisoni, ndinawagoneka, koyilo pamimba, zotseka m'makutu, kampira m'manja. Tebulo linalowa, chigayo chinayamba. Zithunzi zoyamba, zongoonera malo, zitatuluka pa kompyuta, ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Kumunsi kwa mimba kunali chibowo chakuda bii, m'mphepete mwake mowala, ndipo chikhodzodzo ndi khomo la chiberekero zinali zitapindikira momwemo. A Tendai anaimitsa makina nthawi yomweyo.

"Sisi Esinati, ichi ndi chitsulo. Ndodo munadutsitsa?"

"Ndinadutsitsa."

"Paliponse?"

Ndinapukusa mutu. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipiridwa. Anati chitsulo chikhoza kutentha pakhungu kapena kukokedwa, tiwatulutse pang'onopang'ono. Anayang'ana wotchi. Jakisoni uja mphamvu yake sikhalitsa, ndipo wodwala wotsatira anali atafika kale pa machira kuchokera ku wodi. "Muli ndi mphindi khumi," anatero. "Zikakanika ndilowetsa winayo, awa tiwalembera tsiku lina."

Tsiku lina limenelo ndinkadziwa kuti kulibe. Ndinawatengera Anabanda m'kachipinda kosinthira, ndinakoka katani, ndinagwada pansi.

"Amayi, pepani. Makina aona chitsulo m'chiuno mwanu. Kodi mwavala mikanda?"

Nkhope inasintha. "Iwe! Anakuphunzitsa ndani kufunsa amako zimenezo? Sunavinidwe?" Kenako mawu anatsika. "Ndiye kuti bambo uja waiona pa chiwailesi chakecho?"

"Sanaone kanthu, amayi. Chitsulo chimangodetsa chithunzi, pamangooneka mdima."

"Bweretsa chitenje changa. Ndavula mokwana lero."

Anaimirira n'kuyamba kumasula zingwe za gauni. Ndinachita mantha enieni, chifukwa m'maganizo ndinaona kombi ya ku Darwendale ikunyamuka nawo, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndikanafunsa poyamba paja, tili awiri tikuseka, bwenzi zitatha mwakachetechete. Tsopano manyazi anali atawagwera pakati pa anthu. Sindinaganize zambiri. Ndili chigwadire ndinakweza malaya a yunifomu pang'ono n'kutsitsa lamba wa siketi.

"Ndinavinidwa, amayi. Yanga iyi."

Anaima, nayang'ana. Mikanda yanga ndi mizere iwiri yokha, yachikasu ndi yoyera, imene anandiveka azakhali.

"Ndimalowa nayo m'chipinda cha makinamo tsiku lililonse," ndinatero. "Ndinadziwa kuti nanunso muli nayo, koma ndinachita manyazi kufunsa, ndipo ndodo ija ndinaidutsitsa patali dala. Kulakwa n'kwanga. Koma yanuyo ili ndi chitsulo penapake, ndipo chaphimba pamalo penipeni pamene madokotala akufuna kuona. Popanda chithunzichi akhoza kukutsegulani pamimba mongoganizira."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Ine ndinkangomva wotchi ya a Tendai m'mutu. Kenako anati, "Ndinamva ikukoka muja. Ndimayesa ndi mmene makina anu amachitira." Anakweza gauni.

Inali mizere itatu ya mikanda yakale, yofiira, yoyera ndi yabuluu, yosalala chifukwa cha zaka. Kutsogolo inali yopindidwa kawiri, ndipo popindapo panali pini yaikulu ya thewera, yadzimbiri.

"Inayamba kuvuka yokha ndikawerama m'munda," anatero. "Tsiku lina inagwera m'mapazi, anthu ali pomwepo. Thupi latha, mwanangu."

Ndinati nditenge lumo tidule ulusi wotsalawo, timange bwino. Anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Usadule. Nanga ndikadzanenepa ndidzavala chiyani?"

Ndinamasula pini ija n'kuiika m'dzanja langa. Nditawapempha kuti mikandayo tiisunge m'kabati anakana. Anawaveka ndi mayi awo pa chinamwali. Ulusi asinthapo kangapo, koma mikandayo sinagonepo kutali ndi thupi lawo, ndipo siikanayamba lero pamene akulowa m'chinthu chosadziwika. Nthawi yokangana panalibe. Popanda pini inali yokhwepa moti tinaikweza n'kuitulutsira kumutu. Ndinaiyala pa benchi, ndinaidutsitsa kandodo mzere uliwonse, osalira. Ndinaikhudzitsa kamaginito kathu koyesera zinthu, osakakamira. Ndinaikulunga pa mkono wawo wamanzere, kenako ndinadutsitsa kandodo thupi lonse, ulendo uno pafupi, m'chiuno kutsogolo ndi kumbuyo. Anabanda anayang'ana kudenga mpaka ndinamaliza.

Ndinathamangira kwa a Tendai. "Ndi mikanda yagalasi, ndaiyesa yonse. Akupempha ikhale pa mkono."

"Chitsulo chili kuti?"

Ndinatambasula dzanja. Anayang'ana pini, anayang'ana wotchi. "Manja akhale pachifuwa, kutali ndi koyilo. Alowetseni." Pini ndinaisiya pa desiki, kunja kwa mzere wofiira. Pogoneka ndinawafunditsa nsalu mpaka m'khosi, ndipo a Tendai atalowa kudzaona ngati koyilo yakhala bwino, maso awo sanapite pa mkono.

Anagona osasuntha ngakhale chala kwa nthawi yoposa theka la ola. Zithunzi zinatuluka zoyera bwino. Pa cham'mbali ndinaona chiberekero, ndi chotupa chotuwa chitadzaza khomo. Ndinadikira zopingasa mtima uli m'mwamba. Kumanja nkhata yakuda ija inali yathunthu. Kumanzere inaduka, ndipo zotuwazo zinatulukira panja pang'ono. Impso zinali bwino, chikhodzodzo chosakhudzidwa. Ndinayang'ana a Tendai. "Onena si ife," anatero, maso ali pa kompyuta. Ndinamva chisoni, chifukwa ndinkadziwa kuti mayi amene akufuna angochotseredwa chinthucho abwerere ku fodya sakamva zimene akuyembekezera.

M'kachipinda kosinthira anandifunsa kuti ndaona chiyani. Ndinawauza zoona, kuti zithunzi zatuluka bwino ndipo owerenga ndi adokotala, mawa akawauza. Mikanda tinaibwezera m'chiuno. M'malo mwa pini ndinang'amba kachingwe ka bandeji n'kumanga popinda paja mfundo ziwiri, imodzi pa kupinda kulikonse. Pini nditakaitenga pa desiki, anakana kuilandira. "Khala nayo," anatero. "Yakuvutitsa kokwana, ndi yako."

Madzulo a Tendai analemba nkhaniyo m'buku la zochitika, ndi dzina langa momwemo, ndipo ndinasaina. Ndinawafotokozera chifukwa chake dzanja langa linapatuka. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Ulemu wa kwanu ndi wabwino, sisi. Koma ndodo iyi ilibe apongozi." Aka kanali koyamba kuwaona akumwetulira pa ntchito. Patapita masiku ndinamva kuti madokotala sanawachite opaleshoni Anabanda, anawatumiza kowotcha ndi cheza ndi kolandira mankhwala a m'diripi. Ndinafunsa, monga mwa chizolowezi changa, kuti zikanakhala bwanji chithunzi chikanapanda kuoneka. A Tendai anati pamanja pokha chotupa chotere nthawi zina chimanamiza, chimaoneka ngati sichinatuluke. Akanatha kuwatsegula, n'kupeza matenda ali m'mbali, n'kuwatsekanso, kenako n'kudikira bala lipole asanayambe chithandizo choyenera.

Pa fomu yathu tsopano pali funso la mikanda, ndinalilembetsa ndine. Mayi aliyense ndimamufunsa tili awiri, katani yokoka, asanavale n'komwe gauni, ndipo ndimatchula dzina lake lenileni la chinthucho: "Amayi, mikanda ilipo? Yamangidwa ndi chiyani?" Ena amaseka, ena amandiyang'ana ngati mwana wosaleredwa. Manyazi ndimawamvabe, sanathe, koma ndimafunsa ndili nawo. Ndapezapo mawaya a magetsi, timabelu, ngakhale kakiyi ka sutikesi. Pini ija ili pa bolodi ya zidziwitso pakhomo, ndipo aliyense watsopano amafunsa kuti ndi ya chiyani.

Anabanda anabweranso itatha miyezi ingapo, kudzajambulidwa kuti madokotala aone mmene chithandizo chagwirira. Ulendo uno anabwera ndi a Phiri, bambo wamfupi wa manja akuda ndi utomoni wa fodya, amene anakhala pa benchi chipewa chili pa bondo. Mayiwo anali akadali owonda, akuyenda pang'onopang'ono. Sindinganene kuti anachira, chifukwa matenda amenewa amafuna zaka kuti munthu anene mawu amenewo. Titalowa m'kachipinda, ndisanatsegule n'komwe fomu, anakoka okha katani.

"Bwera nayo ndodo yakoyo," anatero. "Yambira pompano."

Ndinaidutsitsa m'chiuno, pafupi, osalira. Anakweza bulauzi kuti ndione. Kachingwe ka bandeji kanali kakuda ndi thukuta, koma kanali komweko, ndipo mfundo inatsala imodzi.

"Inayo ndamasula mwezi watha," anatero. "Imandithina."